Kwa makasitomala athu onse: zasintha pa nkhani ya madeki (makonde a matabwa)

Mabwana athu a maloji ku Cape Maclear, Monkey Bay ndi Nkopola, komanso inu a m'nyumba pa boma la Mangochi pano,

Kalata iyi sindimafuna kulemba, koma bola mumve kwa ine kusiyana nkuti mudzamve kwa anyamata anga ali pantchito. Kuyambira mwezi wamawa mtengo woyika matabwa a composite (a pulasitiki wosakaniza ndi utuchi) ukwera, ndalama ya matabwa tizitenga yonse tisanaode, ndipo kuja timabwera kudzatsuka deki ulere mvula isanayambe kwatha, kukhala kolipira. Mitengo yatsopano tiziuzana pa WhatsApp.

Ndikudziwa ena mukuti ayamba dyera. Ayi ndithu. Matabwawa sapangidwa kuno, ife timagula ku Johannesburg ndipo kumeneko kwacha saidziwa, amafuna ma rand. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu 2022, tisanapume nkomwe anaigwetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine nkumangolimbikira mitengo yakale poopa kukukhumudwitsani. Ukapita kukapempha forex akuti dikirani, wadikira mpaka kotesheni ya wogulitsa uja yatha ntchito, ukamuimbira akuti mtengo wasintha, ndiye iwe unauza kale kasitomala mtengo wina, zotsalazo ukuchotsa m'thumba mwako. Katundu akafika pachipata cholowera m'dziko nkhani ina, woona za msonkho kutembenuza thabwa uku ndi uku kumakufunsa kuti kodi iyi ndi pulasitiki kapena thabwa, galimoto ili chiimire, woyendetsa akuwerengera masiku ake. Za mafuta ndisanene, nonse mizere mumaidziwa, ndiye taganizani kuchoka pa boma mpaka ku Chembe, ku Cape Maclear, kukangotsuka deki ulere. Anyamata anga nawonso ali ndi ana, mwezi ukatha amayang'ana ine.

Pa zotsukazo, zoona zake zambiri mutha kupanga nokha. Anthu amaona ngati composite ndi pulasitiki basi siifuna chisamaliro, koma mkati mwake muli utuchi wa mitengo, ndipo chuku ndi ndere zimamera pa litsiro lomwe lakhala pamwamba nkunyowa: masamba, mango ogwa, zitosi za mbalame, mafuta a chambo owazikira pamene mumawotchera. Sesani pafupipafupi makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Timipata tija timasiya pakati pa matabwa, pafupifupi mamilimita 5, ndi todutsa madzi ndi mphepo, tsono kuno mchenga wakunyanja umatseka timeneti, mukolokose ndi kapulasitiki, osati mpeni. Kutsuka ndi madzi ofunda, sopo ndi bulashi yofewa motsata utali wa thabwa, mutsukuluze bwino. Jik wosasungunula amasuwitsa mtundu, bulashi ya waya imakanda, ndipo chokandika sichibwerera. Makapeti a labala ndi miphika ya maluwa muzisuntha, pansi pake ndi pomwe madontho akuda amayambira. Kunsi kwa deki musasungeko zinthu mpaka kutseka mphepo, ndinakapeza kwina ataunjikako maukonde onyowa ndi matilesi akale nkumadabwa kuti fungo likuchokera kuti.

Ambiri mwakhala nafe kuyambira tili ndi makwerero amodzi obwereka, zikomo kwambiri, sindikuzitenga mwachibwana ndipo chonde musatithawe. Ndamva kuti kukubwera ena otchipa. Sindikuletsani, ndalama ndi zanu, koma muwafunse kuti mitanda yapansi aitalikitsa bwanji, ikapitirira masentimita 40 thabwa limawerama, komanso ngati asiya mpata kumapeto, chifukwa dzuwa la Okutobala kuno ku Mangochi composite imafutukuka, yopanda mpata imatukumuka ndithu.

Amene munapereka kale dipoziti mtengo wanu ndi wakale womwe uja, olo ndiluze. Ofuna kutsukiridwa mvula isanagwe mundilembere msanga kuti tiziphatikiza maulendo a mbali imodzi, mafuta tigawane.

Ndine wanu,
Mwini kampani