Kalata yodandaula za matayala aakulu amene munandimangira pa Toyota Hilux

Johannesburg

Kwa a Manijala,
Kampani yogulitsa ndi kumanga matayala

Bwana,

Ndalemba kalatayi m'Chichewa chifukwa ndicho chinenero chimene tinalonjerana nacho tsiku limene ndinabwera kudzagula, komanso chifukwa ambiri mwa ife amene timanyamula katundu kuchokera kuno ku Joni kupita kumudzi timabwera kwa inu pokhulupirira kuti munthu wakwathu atiuza zoona. Dandaulo langa likukhudza matayala anayi amene anyamata anu anamanga pa galimoto yanga mwezi watha, ndiponso yankho limene ndinalandira nditabwereranso kudzanena za vutoli.

Galimoto yangayi ili monga momwe inachokera kufakitale, ndipo sindinasinthepo masipuling'i, mashoko kapena marimu. Inali ndi matayala a 265/65 R17. Ndinafotokozera mnyamata wanu wa pakauntala kuti Disembala aliyense ndimapita ku Neno kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndipo kuti chigawo chomaliza cha ulendowo ndi msewu wadothi umene dzinja likafika umaterera koopsa. Chimene ndinapempha chinali matayala a saizi yomweyo koma a mano akuya. Iye anandikopa kuti nditenge a 285/70 R17, ponena kuti galimoto ikwera m'mwamba ndipo kunsi kwake sikudzakhulanso pansi. Ndinamufunsa kawiri konse ngati matayala otere angakwane popanda kusintha china chilichonse, ndipo kawiri konseko anayankha kuti amawamanga tsiku ndi tsiku popanda wobwerera.

Vuto linaonekera madzulo a tsiku lomwelo. Pokhota kulowa pageti la nyumba imene ndimachita lendi ku Rosettenville, nditapinda chiwongolero mpaka kumapeto, ndinamva phokoso la kukhulana kutsogolo. Nditasuzumira ndinapeza kuti tayala likudya chipulasitiki cha mkati mwa madigadi ndipo likugunda chitsulo chimene chimagwirizitsa bodi ndi chesisi. Pasanathe sabata, labala wotchinga matope wa kumanzere anali atathothoka, chipulasitiki chija chitabooka, ndipo mano a m'mphepete mwa matayala onse awiri akutsogolo anali atayamba kunyotsoka. Zimenezi zikuchitika pamsewu wa tala, galimoto ilibe katundu. Ndikudzifunsa kuti zidzakhala bwanji ikadzasenza matumba ndi mabokosi a anthu n'kulowa m'maenje a msewu wa kwathu, kumene tayala limakwera ndi kutsika pa mtunda uliwonse.

Nditakhala pansi n'kuwerengera, ndinaona kuti nkhaniyi inali yodziwikiratu kwa aliyense wodziwa matayala. Tayala la 265/65 R17 ndi lalitali mamilimita pafupifupi 776, pamene la 285/70 R17 limafika pa 831, ndipo ndi lotambalala kuposa linzakelo ndi mamilimita 20. Pa kusiyana kwa mamilimita 55 kumeneku, galimoto imakwera ndi theka lokha, kutanthauza kuti phindu lonse limene ndinalonjezedwa silikwana n'komwe masentimita atatu. Koma tayalalo likazungulira kamodzi limayenda mtunda wochuluka ndi magawo 7 pa 100 alionse, motero muvi wa sipidomita ukaima pamene kale galimoto inkathamanga makilomita 120 pa ola, tsopano imakhala ikuthamanga pafupifupi 128. Malire a liwiro pa N1, msewu waukulu wopita ku Beitbridge, ndi 120, ndipo wapolisi wa pamsewu sangamve zoti tayala ndilo landinamiza. Makilomita amene galimoto ikuwerenga nawonso akuchepa, choncho nthawi yosintha oilo idzandipitirira ndisakudziwa. Pamwamba pa izi, galimoto yayamba ulesi podzuka ndi pokwera zitunda, dizilo akutha msanga, ndipo mabuleki akufuna kupondedwa mwamphamvu kuposa kale. Palibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi chimene ndinachenjezedwa.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi nkhani ya sipeya. Anyamata anu anasiya kunsi kwa galimoto sipeya wakale wa saizi yaing'ono osandiuza kanthu. Ngati tayala litaphulika pakati pa Nyamapanda ndi Tete, ndiye kuti ndidzamanga tayala lalifupi pamodzi ndi atatu aatali, ndipo kuyenda motero, makamaka nditalowetsa giya ya mawilo anayi, kumapanikiza difu (chipangizo chogawira mawilo mphamvu ya injini) ndi magiya chifukwa mawilo sakuzungulira mofanana. Mnyamata wanu ankadziwa bwino lomwe kumene ndikupita, popeza ndinamutchulira malo onse ndi maina ake.

Nditabwerera kwa inu, sindinakupezeni. Amene anandilandira anayang'ana galimotoyo ataima chapatali, n'kunena kuti kukhulako n'kwachibadwa, ndipo kuti ndikafuna kuti kuthe ndigule zida zokwezera galimoto komanso ndilole kuti adule mbali ina ya chitsulo cha bodi chija, zonsezo pa mtengo wina wapadera. Nditapempha matayala anga akale, amene munawatenga n'kundichotserako pang'ono pa mtengo, anati anagulitsidwa kale. Bwana, ine sindinabwere kudzadulitsa galimoto. Ndi galimoto imene imadyetsa banja langa, ndipo kuidula kapena kuikweza ndi nkhani yoti ndiyambe ndakambirana ndi a inshulansi. Ngati saizi imeneyi imafuna zida zina kuti ikwane, nthawi yonena zimenezo inali ndisanapereke ndalama.

Lamulo loteteza ogula la dziko lino, Consumer Protection Act la 2008, likunena mu gawo 55 kuti wogula akafotokozera wogulitsa ntchito imene akufunira katundu, n'kudalira uphungu wa wogulitsayo, katunduyo ayenera kukhala woyenera ntchito imeneyo. Gawo 56 limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wosakwaniritsa zimenezi, ndipo wosankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama ndi wogulayo. Ine ndasankha kusinthiridwa. Ndikupempha kuti muchotse matayala anayiwa ndi kumanga atsopano a 265/65 R17 a mano akuya monga ndinapemphera poyamba, mundibwezere ndalama yotsala pa kusiyana kwa mitengo, mulowetse chipulasitiki cha m'madigadi ndi labala wotchinga matope zatsopano, ndiponso muone ngati mawilo akutsogolo akadali oongoka, zonsezi popanda kundilipiritsa.

Ndikuyembekeza yankho lanu lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera pamene mwalandira kalatayi. Likapanda kufika, ndidzatengera nkhaniyi ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, bungwe lomva madandaulo a ogula pa nkhani za magalimoto, ngakhale kuti ndikanakonda kuti ithe pakati pa inu ndi ine monga anthu ochokera kumodzi. Pamodzi ndi kalatayi ndaikapo kope la risiti ndi zithunzi zoonetsa pamene tayala likukhula. Galimoto ndingathe kubwera nayo Loweruka lililonse m'mawa, ndipo ndikupempha kuti tsikulo mudzakhalepo inu eni ake, kuti ndidzapinde chiwongolero inu mukuona ndi kumva nokha.

Ine kasitomala wanu,
Mwini wa Toyota Hilux yolembedwa pa risitiyo