Lipoti la ulendo wa ku msonkhano wa okwera njinga za trials

A Tcheyamani, a komiti, makolo ndi inu achinyamata a gulu lathu lino la ku Glasgow,

Munandituma ku msonkhano wa okwera njinga za trials ndi aphunzitsi awo umene unachitika Loweruka lapitali kufupi ndi Edinburgh, ndipo funso limene munandisenzetsa linali limodzi: ndalama zimene takhala tikusonkhazi tigulire njinga ziti, za trials ya mumsewu kapena za trials ya mpikisano? Ndapita, ndaona, ndafunsa. Maganizo anga ndi oti tiyambe ndi njinga za mumsewu za matayala a mainchesi 24, zogwirako kale ntchito, koma ana tiziwaphunzitsa potsata malamulo a mpikisano. Ndilongosole mmene ndinafikira pamenepa.

Kwa makolo amene simunawaonepo masewerawa, trials si mjaho. Palibe wothamangitsana ndi mnzake. Wokwera amadutsa pamiyala, pazipika, pamakoma kapena pamapaipi a simenti, ndipo luso lonse lagona pa kusaponda pansi. Mphunzitsi amene anatsegulira msonkhano anatikumbutsa kuti masewerawa anakulira ku Catalonia, m'dziko la Spain, m'zaka za m'ma 1970. Pere Pi, amene ankagwira ntchito kukampani ya njinga zamoto ya Montesa, anakonzera mwana wake Ot Pi kanjinga kophunzirira, mwanayo n'kudzakhala katswiri wa dziko lonse kangapo konse. Mphunzitsiyo anati tisaiwale chiyambi chimenechi, chifukwa njinga ya mpikisano inabadwira pamiyala, ndipo mpaka lero chilichonse chili panjingayo chinaikidwa ndi mwala m'maganizo.

M'mawa wonse tinali ndi a mpikisano. Ife amene tinakulira kumudzi timadziwa kuti njinga ndi chishalo ndi kaliyala. Iyi ilibe zonse ziwiri. Pamene pamayenera kukhala chishalo pali felemu yotsika basi, kuti wokwera azitha kunjuta mpaka thupi kufika patayala lakumbuyo asanadumphe. Anandipatsa imodzi kuti ndinyamule, ndinainyamula ndi dzanja limodzi. Zambiri zimalemera makilogalamu 8 kapena kuzungulira pamenepo. Malimu anawaboola mabowo kuti apepuke. Mapedulo anawakweza m'mwamba kuposa a njinga wamba, n'cholinga choti njinga iziima mosavuta patayala lakumbuyo lokha. Zilipo za mitundu iwiri, ya mainchesi 20 ndi ya mainchesi 26, ndipo ya 20 ija tayala lake lakumbuyo limakhala la 19, lonenepa, lopopedwa pang'ono kuti lizimata pamwala.

Giya ndi imodzi yokha, yopepuka kwambiri. Pa ya 20 kawirikawiri kagudumu ka tcheni kakutsogolo kamakhala ndi mano 18, kakumbuyo 12; pa ya 26 amaika 18 ndi 15. Kupalasa kumodzi kokha njinga imatumpha ngati chule. Koma mukati muyende nayo mumsewu, mumangopalasa miyendo ili piringupiringu, mtunda osatha, komanso muli chiimire. Mfundo imeneyi muisunge, ndibwereranso.

Pa mabuleki m'pamene ndinataya nthawi yaitali, poti m'pamene pali ndalama zobisika. Ambiri a mpikisano amagwiritsa ntchito mabuleki a mafuta ogwira palimu, makamaka Magura HS33. Kuti agwire zenizeni, amatenga galayinda n'kupala m'mbali mwa limu kuti mukhale mokhakhala. Mnyamata wina anandiuza kuti ndipitsepo chala. Panali ngati tupa. Atagwira buleki ali pamwamba pa chipika, njinga inalira kuti kwii, mokweza moti anthu onse anacheuka, tayala osasuntha ngakhale pang'ono, chonsecho matabwa anali onyowa ndi mvula ya usiku. Zogometsa ndithu. Koma kukhakhalako kumafufutika, ndiye amapalanso, ndipo kupala kulikonse kumadya limu mpaka kugula lina. Mphira za mabuleki nazo sizichedwa kutha. Ndinafunsa kuti amapala ndani kwa ana. Anati makolo. Ndinaganiza za gulu lathu, ndinapeza kuti amene ali ndi galayinda ndi malo oigwiritsira ntchito mwina ndi mmodzi.

Malamulo awo ndi amene anandigwira mtima. M'mipikisano ya bungwe la UCI, loyang'anira masewera a njinga padziko lonse, wokwera amapatsidwa mphindi ziwiri kuti adutse chigawo chimodzi cha miyala kapena zipika. Chigawocho chimagawidwa pasanu ndi kamodzi, ndipo paliponse pamene wadutsa osalakwitsa amapata mapointi 10, onse pamodzi 60. Kuponda pansi ndi phazi limodzi ndi cholakwa chimodzi. Kutsamiritsa pedulo pamwala nakonso amawerenga, chifukwa chololedwa kukhudza mwala ndi matayala okha. Zolakwa zikakwana zisanu, kapena mukaponda ndi mapazi onse awiri nthawi imodzi, chigawocho chathera pomwepo. Bungwe lina loyendetsa mipikisano ya trials, la BIU, ndiye limalola kutsamira pedulo, ndipo mipikisano ina ing'onoing'ono imangowerenga zolakwa, wochepa zolakwa ndiye wapambana.

Ndinaonerera mtsikana wina wa zaka ngati 12 akuyesera chigawo chimene anakonza ndi mapaleti ndi zipika. Asanakwere njinga anayamba wayenda wapansi, akuloza pamene adzaike tayala, akuyeza mpata ndi mapazi. Atakwera, anafika pachipika chopapatiza n'kuima njii, mabuleki onse ali chigwirire, bondo limodzi likugwedera pang'ono. Ine mtima unali m'mwamba. Woyang'anira chigawo anali atakweza chibakera, kusonyeza kuti palibe cholakwa chilichonse. Mtsikanayo anapuma kawiri, n'kudumpha. Tayala linatsetsereka, anaponda, woyang'anira n'kutambasula chala chimodzi. Sanakwiye, sanayang'ane kwa mayi ake, anangobweza phazi papedulo n'kupitiriza. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneko ndiko ndikufunira ana athu, kuposa njinga imene anakwerayo.

Masana tinapita kwa a mumsewu. Pano sindichulukitsa mawu, chifukwa inu achinyamata mukuzidziwa kuposa ine. Ambiri mwa inu munabwera m'gulu lino mutaonera Danny MacAskill, wa ku Dunvegan pachilumba cha Skye, amene kanema wake wojambulidwa mu Edinburgh anatuluka pa YouTube mu Epulo 2009 n'kufalikira dziko lonse, kapena Fabio Wibmer wa ku Austria. Njinga ya mumsewuyi ndi yofananako ndi ya kampani ya Inspired imene MacAskill ankakwera nthawi imeneyo: matayala a mainchesi 24, kachishalo kakang'ono, mabuleki a disiki kutsogolo ndi kumbuyo, giya yolemererako, monga mano 22 ndi 16. Imalemera makilogalamu 11 kapena 12 chifukwa anaipanga kuti izipirira kugwa. Kakweredwe kake n'koyenda ndi liwiro, kuzungulira m'malere, kuyenda patayala limodzi, kulumikiza chinthu ichi ndi icho mosadukiza. Woweruza palibe.

Mtsutso unabuka madzulo, ndipo unatentha. Mphunzitsi wa mpikisano anati ana oyambira mumsewu amakhala aphuma, amafuna kudumpha khoma asanadziwe kuima malo amodzi, ndipo kanema saonetsa maulendo ambirimbiri amene katswiri amagwa asanakwanitse. Wa mumsewu anayankha kuti njinga ya mpikisano imamumanga mwana, chifukwa popanda kholo la galimoto lomutengera kumiyala, njingayo imangokhala m'nyumba. Onse awiri ananena zoona, koma mawu a wachiwiriyo ndi amene akukhudza ife. Makolo ambiri muno timagwira mashifiti, ena usiku, ena Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Magalimoto ndi ochepa. Mwana wathu ayenera kukwera yekha njinga kuchoka kunyumba kukafika kupaki, ndipo ija yopanda chishalo, ya giya yopepuka, singamufikitse. Chinanso, njinga zimene tigulezi azibwerekana ana otalika mosiyana, ndipo ya 24 imalolera ambiri.

Ndinafunsa ngati mwana woyambira pa njinga ya mumsewu watsekeredwa khomo la mpikisano. Aphunzitsi awiri anandiyankha kuti ayi, m'magulu a ongoyamba kumene amalandira njinga imene mwana wabwera nayo. Ena mwa inu munali ku Glasgow Green mu Ogasiti 2023 pamene mpikisano wa dziko lonse wa UCI unabwera mumzinda uno, ndipo mukudziwa mayina ngati Jack Carthy wa kuno ku Britain ndi Nina Reichenbach wa ku Germany. Akadzapezeka mwana wolakalaka njira imeneyo, tidzakhala pansi n'kuona za njinga yake. Pakadali pano sitinafike.

Pali chinthu chimodzi cha mumsewu chimene sindikugwirizana nacho, ndipo ndichinena mosabisa. Kukwera pamabenchi ndi pamakoma a eni kumasiya zipsera za matayala ndi zokanda za mapedulo, ndipo madandaulo amabwera. Ana athu ndi a alendo m'dziko muno, sachedwa kuonekera. Sindikufuna kholo lililonse lidzalandire foni chifukwa cha njinga ya gulu. N'chifukwa chake ndikupempha kuti tipeze malo athu, tiunjike mapaleti ndi matayala akale a galimoto, tizungulize tepi, mmodzi wa ife aziima ndi wotchi n'kumawerenga zolakwa ndi zala monga ndinaonera kuja. Mwezi woyamba ukhale wa kuima malo amodzi ndi kugwira mabuleki basi.

Ndalama yoyamba isapite kunjinga. Ipite ku mahelimeti, magolovesi ndi zotchinga misongolo. Mapedulo a njingazi ali ndi timisomali tachitsulo togwira nsapato, ndipo mnyamata wina anakwinya buluku n'kundionetsa msongolo wake, zipsera zokhazokha kuyambira pabondo mpaka pakakolo. Pogula njinga yakale anatichenjeza kuti tiziunika ndi tochi pamene felemu anaiwotcherera, kuona ngati pali ming'alu, ndipo tcheni tizingosinthiratu, chifukwa chikaduka munthu ali patayala lakumbuyo amagwa chafufumimba.

A Tcheyamani, ndikupempha kuti nkhaniyi tiivotere pamsonkhano wathu wotsatira, komanso kuti papezeke anthu awiri opita nane kukaona njinga tisanapereke ndalama. Tikufunanso wina wa vani wotithandiza kututa mapaleti. Malisiti a sitima ndi a chakudya ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi ndalama yotsala.