Ana athu aphunzire kukonza makomboni pakompyuta, osati nyumba zamagalasi zokha

Akonzi,

Ine ndimakhala ku Ndirande chakufupi ndi mtsinje wa Nasolo, ndipo mvula ikangoyamba timadziwiratu nyumba zomwe zilowe madzi. Mphwanga ali ku yunivesite akuphunzira zojambula mapulani, tsiku lina anandionetsa palaputopu chinyumba chosanja chamagalasi, chokongola zedi, koma nditamufunsa kuti kodi makina akowo sangationetse komwe madzi ochoka kuphiri amadzera kuti tidziwe pokumba ngalande, anati angathe ndithu bola pakhale mapu abwino a deralo. Nde bwanji osayambira pamenepo?

Momwe anandifotokozera, droni (kandege kouluka popanda munthu mkati) ikajambula kuchokera m'mwamba kompyuta imawerenga pokwera ndi potsika, kenaka umathira mvula yongoyerekeza nkuona madzi akusonkhana pati. Ukhozanso kuyesa njira khumi zodutsitsa kamsewu koti ambulansi ilowe, kompyutayo nkukuuza kuti iyi ikhudza nyumba zambiri, iyo ingofuna kusuntha mipanda ndi zimbudzi zingapo. Apa mpomwe panandigwira mtima, chifukwa ife tikamva mawu oti "kukonza dera" timangoganiza zotigwetsera nyumba basi. Pulogalamu yopangira mapu pakompyuta ya QGIS ndi yaulere, sikuti mpaka ndalama zankhaninkhani ayi.

Zipangizo ndi anthu zilipo kale. Sukulu yophunzitsa za madroni ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa kuno ku Malawi mu 2020. Ku Kibera mu Nairobi achinyamata akomweko anayamba kujambula mapu a dera lawo pa OpenStreetMap, mapu apaintaneti omwe aliyense angathe kuonjezerapo, mu 2009. Ifeyo tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche anthu ali m'nyumba.

Pempho langa kwa aphunzitsi a m'mayunivesite ndiloti ophunzira asamalize sukulu asanagwirepo ntchito imeneyi ku Mbayani, Mtandire kapena Chinsapo, ndipo asabwere ngati alendo ojambula zithunzi nkuthawa. Ayende ndi amfumu ndi amayi otunga madzi pakiyosiki, poti droni siona kuti kanjira aka usiku atsikana amakaopa, kapena kuti chitsime icho chili pafupi ndi chimbudzi cha aneba. Akamaliza mapuwo asindikize papepala lalikulu atisiyire, ifenso tikhale ndi chonyamula popita kukhonsolo.

Wokhala ku Ndirande,
Blantyre