Chilengezo: Loweruka lino tikambirana za mankhwala opopera

Mamembala nonse a kalabu yathu ya alimi a tomato ndi masamba, tikumane Loweruka lino 9 koloko m'mawa pamalo athu a nthawi zonse. Nkhani ndi imodzi: zimene mankhwala opopera amachita m'thupi la wopoperayo.

Chizungulire, mutu, dovu ndi kusanza munthu akapopera dimethoate dzuwa lili paliwombo, izi tonse tikuzidziwa. Zimene sitikamba ndi za mahomoni, timadzi ta m'thupi toyendetsa zinthu monga kukula ndi kubereka, poti sizionekera tsiku lomwelo. Mu 1977, amuna ogwira ntchito pafakitale ina yopanga mankhwala ophera tizilombo ta m'nthaka otchedwa DBCP ku California, ku America, anapezeka kuti sangathenso kubereketsa, ndipo ogwira ntchito m'minda ya nthochi ku Costa Rica ndi Nicaragua anadzaona zomwezo. DDT imakhala m'mafuta a m'thupi zaka zambiri, imalowa mu mkaka wa m'mawere, komanso imatchinga mahomoni achimuna. Endosulfan mayiko anagwirizana zoyiletsa mu 2011, choncho amene ali nayo kunyumba asaibise.

Mubwere ndi mabotolo a mankhwala amene mukugwiritsa ntchito, otseka bwino, kuti tiwerengere limodzi zolembedwapo, makamaka masiku odikira tisanathyole. Ogula mankhwala opimidwa m'mabotolo a zakumwa, amenewonso abwere nawo, sitiseka munthu. Musaiwale sipuleya, ambiri akudontha kumsana.

Pakadali pano, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asapopere, asachapenso zovala zopoperera.

Komiti