Lipoti la ulendo wa ku Blantyre kwa osula anzanga a kuno ku Zomba

A wapampando ndi mamembala nonse, alawansi imene munandipatsa inathera pa minibasi, pogona ndi chakudya, ndipo malisiti ali kwa msungichuma. Ku msonkhano wa osula umene ndinapitako, m'mawa anatiphunzitsa za kalembedwe ka mabuku a bizinesi ndi za ngongole, zomwe tinazimvapo kale.

Chimene ndabwera nacho ndi cha masana. Mnyamata wina wosula anabweretsa mipeni yake kuti akuluakulu aiyese. Iwo sanalabadire za kunyezimira. Anatenga tupa n'kukwecha mbali yakuthwa: likaterereka ndiye kuti chitsulo chinalimba, likaluma ndiye kuti moto sunakwane. Mpeni umodzi anauviika m'viniga, ndipo panaoneka mzere wokhotakhota kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga. Mnyamatayo amamata dongo kumsana kwa mpeni asanauzimitse (kuuviika uli wotentha kuti uzizire msanga n'kulimba), monga amachitira osula malupanga a ku Japan, kuti kuthwako kulimbe koma msana ukhale wofewerapo, mpeni usamathyoke. Umenewo anausula kuchokera ku tupa lakale. Pa sipuling'i ya galimoto imene ife timadalira mzerewo suoneka bwino, choncho musadandaule mukausowa.

Moto amauyesa ndi maginito. Chitsulo chikafika madigiri pafupifupi 770 maginito sagwiranso. Amawonjezera moto pang'ono, n'kuzimitsa m'mafuta ofunda, osati m'madzi. Akatero mpeniwo amauwambanso pang'onopang'ono mpaka utaoneka ngati udzu wouma, cha m'ma 230. Ukafika pa buluu, cha m'ma 300, wafewa kale, ndi woyenera chikwanje osati mpeni wa nyama. Mpeni wina wa mnyamata uja unalephera: nsonga inapsa kwambiri, ndipo ataithyola m'kati munali timibulu tikulutikulu. Anamuuza poyera, iye n'kuthokoza.

Kuwambanso kumeneku ambirife timakudumpha pothamangira kumsika. N'chifukwa chake ogulitsa nyama mumsika wa Zomba ndi ku Chinamwali amatibwezera mipeni yabenthuka, kenako n'kukagula ya m'sitolo. Moto wofanana umafuna mvukuto wabwino. Ndiye ndifunse pano: ndalama imene tinasonkha ya chopemerera moto ili kuti? Nthawi zonse ndikafunsa mumati tikambirana pa msonkhano wotsatira.

Msonkhano unagwirizana ziwiri. Choyamba, aliyense azidinda chizindikiro chake pa mpeni. Ichi ndachivomera ndi mtima wonse, wosula mwaulesi azidziwika, asamatiipitsire tonse mbiri. Chachiwiri, mipeni yopita m'masitolo izikhala ya chitsulo chatsopano chokha. Ichi ndinakana, ndipo ndikukanabe. Wosula wa ku Songani kapena ku Thondwe chitsulo chatsopano achipeza kuti, pa mtengo wanji? Sipuling'i yopanda ming'alu ikazimitsidwa bwino imadula bwino lomwe.

Loweruka aliyense abwere ndi mipeni iwiri imene wasula yekha. Tupa ndi maginito ndibweretsa ine, ndipo tidzayambira yanga. A msungichuma abwerenso ndi buku la zosonkha.