Kalata ya Abusa: Kodi Mulungu Walakwanji?

Okondedwa mwa Khristu, akulu a mpingo, atumiki, amayi a chigwirizano, achinyamata ndi nonse a m'miraga yathu muno mu Lilongwe,

Mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu ukhale nanu nonse.

Ndiyamba ndi kudziulula, pakuti nkhani imene ndikukulemberaniyi inayamba kundigwira ine. Ambiri mukukumbukira usiku uja mphepo inasasula denga la chipinda cha Sande sukulu. Kutacha tinapeza malata atapindikapindika, ena ali m'munda wa aneba. Lamulungu lotsatira ndinaima pa gome n'kunena kuti Satana walimbana ndi ntchito ya Mulungu, ndipo Ambuye alola zimenezi kuti ayese chikhulupiriro chathu. Munavomera "Amen" wamphamvu. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti miyezi 8 izi zisanachitike, bambo wina wa mumpingo muno, kalipentala wodziwa ntchito yake, anandikokera pambali n'kundionetsa matabwa a denga atadyeka ndi chiswe. Anati, "Abusa, awa sapirira mvula ina." Ndinawayankha kuti tikakambirana ku bwalo la akulu. Ku bwaloko sindinakatchule n'komwe. Kandalama kogulira matabwa kanalipo, koma tinagulira zokuzira mawu, ndipo amene anakakamira zokuzira mawuzo ndine. Tsiku ndinalalika lija bambowo analipo, pa benchi lawo la masiku onse. Sanandinene kwa munthu. Ndinangoona kuti "Amen" wawo sanatuluke.

Kuyambira pamenepo Miyambo 19:3 sinandipatse mtendere. Vesili likuti munthu amaononga njira yake ndi uchitsiru wake, kenako mtima wake n'kukwiyira Yehova. Ine sindinakwiyire Mulungu poyera ayi. Ndinachita mochenjera, monga tichitira ife ozolowera za m'tchalitchi: ndinamusenzetsa mlandu wanga ndi mawu aulemu.

Poyenda m'makomo mwanu, ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23, ku Mchesi, mawu awa ndimawamva kawirikawiri: "Mulungu wandisiya." "Zinalembedwa." "Inali nthawi yake." "Kaya ndinamulakwira chiyani Mulungu ine." Nthawi zina amachokera mumtima wosweka, ndipo za amenewo ndinena kutsogoloku. Koma nthawi zinanso mawuwa amakhala chitenje chofunditsira zimene sitikufuna kuti zioneke.

Mnyamata walandira malipiro Lachisanu, pofika Lolemba theka latha ndi kubetcha mpira pa foni. Pa 5 mwini nyumba wafika, iye akubwera kwa ine kuti timupempherere mzimu wa umphawi uchoke. Mayi watenga ndalama ya katapila kuti ukwati wa mwana wake uposeko wa mwana wa mnzake, lero akatundu a m'nyumba alandidwa, akuti Mulungu samva mapemphero ake. Bambo anauzidwa kuchipatala kuti mankhwala a BP azimwa tsiku lililonse, iwo anasiya atangomva bwino, ena anasiya chifukwa wina anawagwira pamutu n'kulengeza kuti achira. Akagwa n'kuuma mbali imodzi, banja likuti, "Mulungu wapanga chiganizo chake." Pa ichi ndilankhule mosapsatira: palibe mbusa, mneneri kapena mtumwi amene ali ndi ulamuliro wokusiyitsani ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP. Mukachira, makina a kuchipatala atsimikiza okha, ndipo tidzayamika Mulungu pamodzi.

Khalidweli si lachilendo, n'lakumtundu. Mulungu atafunsa Adamu ngati wadya za mtengo uja, yankho lake pa Genesis 3:12 linali lakuti wamupatsa ndi mkazi, mkazinso amene Mulungu yemwe anamupatsa. Taonani mmene chala chinadutsira pa Hava n'kukafika kumwamba. Koma amene amandiseketsa, ngakhale nkhani yake ndi yomvetsa chisoni, ndi Aroni pa Eksodo 32:24. Mose atamufunsa za mwana wa ng'ombe wa golide, Aroni akuti anangoponya golide pamoto, basi mwana wa ng'ombe n'kutuluka. Chikhalirecho mavesi a m'mbuyo akutiuza kuti iye yemweyo anatolera ndolo za anthu n'kuumba fanolo ndi manja ake. Ndi angati mwa ife amene timafotokoza ngongole zathu, maukwati athu, ngakhale mimba za ana athu monga Aroni? Zinangochitika. Yakobo 1:13-14 akutseka khomo limeneli: munthu poyesedwa asanene kuti akuyesedwa ndi Mulungu, pakuti chimene chimamukoka ndi chilakolako chake chomwe.

Tsono pano ndipamene ndikuopa. Ndikudziwa kuti alipo ena amene akuwerenga kalatayi akugwedeza mutu mokondwa, ali ndi dzina la munthu woti akamuonetse. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, taimani kaye. Si mavuto onse amene munthu amadziitanira.

Mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mayi wogulitsa tomato mu msika wa Wakawaka anachimwa chiyani kuti mpamba wake usungunuke ali m'tulo? M'chaka chomwecho, mu March, namondwe wa Freddy anakokolola midzi ndi mapiri kum'mwera, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo ambiri a ife tinali ndi abale kumeneko. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, moti mu January 2023 sukulu za muno mu Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba. Mlimi amene analima, kubzala pa nthawi yake, kuthira feteleza wangongole, chimanga n'kuumira m'munda chisanamasule, simungamuuze kuti avomere kulakwa kwake. Kulakwa kuti?

Abwenzi a Yobu anali ndi chiphunzitso chooneka chaudongo: ukavutika, ndiye kuti unachimwa, fufuza bwino. Anakhala chete masiku 7, ndipo pamenepo anachita bwino kwambiri. Atatsegula pakamwa anaononga zonse. Pa Yobu 42:7 Mulungu akuwadzudzula kuti sananene zoona za Iye monga anachitira Yobu, Yobu yemwe uja amene anadandaula mpaka kutemberera tsiku lake lobadwa. Ambuye Yesu nawonso anakana maganizo amenewa kawiri konse. Ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wosaona pa Yohane 9, ngati anachimwa ndi iye kapena makolo ake, anayankha kuti palibe wa iwo. Pa Luka 13:4 akukamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo akukana kuti anali ochimwa koposa anzawo a mu Yerusalemu. Choncho mukapita kukazonda odwala kapena kukakhuza maliro, musanyamule mafunso a wapolisi. Nyamulani ufa, nkhuni ndi nthawi yanu.

Kudandaula kwa Mulungu si tchimo. Salimo 13 likufunsa kuti mpaka liti. Salimo 88 likutha mumdima, lopanda ngakhale mawu amodzi a chitonthozo, koma lili m'Baibulo. Habakuku anafunsa chifukwa chimene Mulungu amangoyang'anira chiwawa. Ambuye athu omwe pamtanda anafuula mawu a Salimo 22. Onsewa ankalira atayang'ana kwa Mulungu, monga mwana alirira pa miyendo ya mayi ake. Adamu ndiye ankalankhula ali m'thengo, akubisala. Mayi amene mwataya mwana, ngati mawu okha amene muli nawo ndi "chifukwa chiyani", anenereni kwa Iye momwemo. Sindikutsutsani, ndipo asapezeke wokutsutsani mumpingo muno.

Pali chinthu china chimene ndachedwa kuchiona. Pakati pa "walakwa ndi Mulungu" ndi "ndalakwa ndine" pali malo aakulu pamene olakwa ndi ife, kapena ndi munthu wina amene tikumuopa kumutchula. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire. Mvula ndi ya Mulungu, inde. Koma mvula sigulitsa mapuloti m'mphepete mwa mtsinje. Sikumba mchenga ndi dothi la njerwa mpaka magombe kugumuka, sitaya mapepala apulasitiki ndi matewera m'ngalande. Wa lendi amene amakhala pafupi ndi madzi sanasankhe pamenepo chifukwa chokonda phokoso la mtsinje, ndi pomwe thumba lake linafika. Nanga amene anamanga zipindazo n'kumatolera ndalama mwezi ndi mwezi, iye akugona kumtunda? Mwina amapereka chakhumi mokhulupirika. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, ikutha ndi makala, ndipo makalawo sapita kumwamba, amalowa m'mbaula zathu. Ngakhale kunyumba ya abusa thumba lilipo. Ndikudziwa yankho lanu: magetsi akazima tiphikira chiyani? Funsolo n'lomveka. Ndikungoti mipope ikauma tisamathamangire kunena kuti Mulungu watseka kumwamba.

Pa maliro ndi pamene timachimwa kwambiri ndi mawu amenewa. Mwana wagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza, woyendetsa ataledzera, ife n'kuima kumanda kumati inali nthawi yake, Mulungu wathyola duwa lake. Tikufuna kutonthoza, ndikumvetsa. Koma taganizani zimene mayi wa mwanayo akumva: kuti Mulungu ndiye anamutengera mwana pamsewu. Woledzera uja naye akumva kuti iye anangokhala chida, palibe choti alape. Mawa akweranso njinga atamwa. Dzina la Mulungu tikaligwiritsa ntchito kuphimbira wolakwa, ndiye kulitchula pachabe kumene lamulo lachitatu likuletsa.

Ena sanena Mulungu, amanena makolo. Akuti kumtundu kwathu maukwati salimba, kwathu sitilemera, agogo anatemberera. Zoona, zochita za makolo zimapweteka ana. Mwana wokula akuona bambo ake akumenya mayi ake amanyamula bala. Koma pa Ezekieli 18 anthu ankaimba mwambi wakuti makolo adya mphesa zosapsa, mano a ana n'kuyayamira, ndipo Mulungu anawaletsa kuunenanso mwambiwo. Aliyense adzayankha za iye mwini. Bambo, dzanja limene likumenya akazi anu usiku si la agogo anu amene ali m'manda kumudzi. Ndi lanu.

N'chifukwa chiyani mawu akuti "ndalakwa" amatitsamwa chonchi? Ndikuganiza kuti timaopa kuti tikawanena tathera pomwepo, ulemu watha, Mulungu watitaya. Ine ndinkaopa kuti mudzati abusa aononga ndalama za mpingo. Koma taonani 2 Samueli 12:13. Davide, mfumu imene inali ndi mphamvu zoti Natani aphedwe tsiku lomwelo, anangoti wachimwira Yehova, ndipo m'vesi lomwelo mneneri akumuuza kuti Yehova wachotsa tchimo lake. Zotsatira zake sizinafafanizike, nyumba ya Davide inaona zowawa. Koma munthuyo sanatayidwe.

Mwana wolowerera wa pa Luka 15 amandiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi. Timaiwala kuti m'dziko limene anapitalo munagwadi njala yaikulu, vesi 14 likutero. Njala imeneyo sanaiitane ndi iye. Akanatha kubwerera kwa bambo ake n'kuti, "Ababa, zinthu zavuta kunja kuno, aliyense akulira." Akanakhala kuti sananame. Koma iye anasiyanitsa: njala ndi njala, koma chuma ndinamwaza ndine njala isanafike. Ananyamula gawo lake lokhalo n'kupita nalo kwa bambo ake, ndipo anawapeza akuthamanga kudzamuchingamira asanamalize n'komwe mawu amene anakonzekera.

Ichi ndicho ndikupempha kuti tichite m'miraga mwezi uno. Werengani pamodzi Agalatiya 6:1-10. Muona kuti vesi 2 likuti tinyamulirane zothodwetsa, vesi 5 likuti yense adzasenza katundu wake wa iye mwini. Paulo sanasokonezeke. Ulipo mtolo umene mbale sangaukweze pamutu yekha, matenda aakulu, imfa, kuchotsedwa ntchito, ndipo umenewo ndi wa tonse. Kaliponso kachikwama kamene palibe angakunyamulire: kupepesa, kubweza ngongole ya ku banki m'khonde, kukayezetsa, kusiya mowa, kudzuka kukafuna ganyu. Atsogoleri a miraga, musalole kuti wina aulule za mnzake. Aliyense alankhule za iye yekha, ndipo amene sakufuna kulankhula asakakamizidwe. Amene muli ndi zolemera zosati n'kunenera pagulu, ofesi yanga ndi yotsegula Lachiwiri ndi Lachinayi masana.

Loweruka loyamba la mwezi wa mawa tikumane 6 koloko m'mawa ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala, tichotse zinyalala m'ngalande yodutsa kuseri kwa tchalitchi mvula isanayambe. Paja pakadafunda padajiwitsa galu. Achinyamata, musasiyire amayi a chigwirizano okha monga chaka chatha.

Bambo akalipentala aja ndinapita kunyumba kwawo sabata yatha kukapepesa, ndipo andilola kuti ndilembe nkhaniyi popanda dzina lawo. Anandilandira ndi tiyi, n'kundiuza kuti matabwa a mbali ya kuvesitile nawonso ayamba kulira akawagogoda. Nkhani imeneyi ndailemba poyambirira pa zokambirana za bwalo la akulu la mwezi uno.

Moni kwa odwala athu onse, kunyumba ndi m'zipatala, ndi kwa mabanja amene ali m'chisoni.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu