Pakamwa pandiuma m'kalasi kuno ku Joni

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 21, kwathu ndi ku Tsangano m'boma la Ntcheu. Mu February ndinayamba maphunziro a zachuma pa yunivesite ina kuno ku Johannesburg, ndipo ndikukhala kwa amalume anga ku Rosettenville. Iwowa anabwera kuno kalekale, amakonza magalimoto.

Kalasi yaikulu ndikutha kuipirira. Timadzaza holo anthu mazanamazana, aphunzitsi ali kutsogolo ndi maikolofoni, amathamanga osayang'ana m'mbuyo, ukafuna manotsi amati ukawapeza pa intaneti. Chandisowetsa mtendere ndi ma tutorial, timagulu ting'onoting'ono timene timakumana sabata iliyonse. Mmenemo anzanga amatchula mphunzitsi dzina lake loyamba, kumudula pakamwa, kumuuza maso ndi maso kuti sakugwirizana naye. Iye m'malo mokwiya amakondwera! Ine ku sekondale tinkaimirira aphunzitsi akamalowa, ndipo kwathu wamkulu akamayankhula umayang'ana pansi. Yankho ndimakhala nalo, nthawi zina labwino kuposa limene laperekedwa, koma ndikati ndikweze mkono mtima umagunda, thukuta m'manja, mpaka nthawi kutha. Tsono m'phunziro lina kuyankhulako kuli ndi malikisi ake, ndipo malikisi a mkati mwa semesita akachepa sakulola n'komwe kulemba mayeso a mu June.

Pa ntchito ya pagulu ndiye zina. Timayamba bwinobwino m'Chingerezi, koma nkhani ikangofika pokoma anzanga amalowa m'Chizulu kapena Chisutu, kuseka, kugwirizana zochita, ine n'kumangomwetulira ngati mlendo pa chinkhoswe cha eni ake. Sindikuganiza kuti amachitira dala. Pamapeto amangondipatsa gawo lotaipa, chifukwa akuganiza kuti ndilibe maganizo.

Amalume akuti ndikuchita bwino kukhala chete. Iwo anaona ndi maso awo zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008, ndipo amakumbukira mabasi amene ananyamula Amalawi kubwerera kumudzi mu 2015. Amandiuza kuti mlendo amadziwika ndi pakamwa. Tikakwera taxi (minibasi za kuno) amandiyankhula monong'ona, ndipo anandiletsa kukhala mpando wakutsogolo, chifukwa kuno wokhala pafupi ndi dalaivala ndi amene amalandira ndalama za onse, kuwerengetsa ndi kubweza chenje, ndiye sungapewe kuyankhula. Sindikuwanyoza, akudziwa zimene anadutsamo. Koma kunena zoona, pasukulu palibe amene wanditukwanapo. Ana a ku Zimbabwe, Congo ndi Nigeria amatsutsana ndi aphunzitsi mopanda mantha, aliyense ndi Chingerezi chakechake. Mtsikana wina wa ku Limpopo, amene amandibwereka manotsi, anandiuza kuti naye Chivenda chake ambiri kuno sachimva, koma salola kuti zimutseke pakamwa. Zimaoneka kuti malangizo a amalume ndi a mumsewu, ine ndawatengera m'kalasi, ndipo sindikudziwa powasiyira.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi ndalama za anthu. Thandizo la boma lolipirira ophunzira sukulu, lotchedwa NSFAS, silifika kwa ophunzira ochokera kunja, ife alendo timadzilipirira tokha, kuphatikizapo medical aid (inshuwalansi ya kuchipatala) imene amafuna kuti upeze viza ya sukulu. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023, randi iliyonse imene bambo amatumiza ndi thukuta la m'munda wa mbatata ya kachewere. Amayi akaimba pa WhatsApp ndimangoti zonse zili bwino, iwo n'kumanyadira kutchalitchi kuti mwana wawo ali ku yunivesite ku Joni.

Azakhali, ndithandizeni. Aphunzitsi ali ndi maola amene amati aliyense angathe kukawaona ku ofesi. Kodi ndipite ndikawafotokozere, kapena adzaona ngati ndikupempha chifundo? Anzanga a pagulu ndiwauze kuti tizikamba m'Chingerezi, kapena ineyo ndi amene ndiyenera kulimbikira Chizulu, poti dziko ndi lawo? Nanga amalume, amene akundidyetsa ndi kundigoneka osandilipiritsa, ndingawauze bwanji kuti pa nkhani iyi yokha sinditsatira mawu awo, popanda kuoneka wamwano? Amayi ndiwauze panopa, kapena ndidikire zotsatira za mayeso?

Ine mwana wanu,
Wosowa Mtengo Wogwira,
Rosettenville, Johannesburg